Matumba awiri a feteleza wotsika mtengo: akwanira munda waukulu bwanji ku Mzimba?

Kuyambira mu 2005 pansi pa FISP, komanso pansi pa AIP imene inayamba mu 2020, mlimi wopindula ndi ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo wakhala akugula matumba awiri a makilogalamu 50: limodzi la NPK, lina la Urea. Funso limene alangizi a ku Mbawa, Champhira, Manyamula ndi Kazomba amakumana nalo chaka ndi chaka n'lakuti fetelezayu athiridwe pa malo aakulu bwanji.

Thumba la NPK 23:10:5+6S+1.0Zn lili ndi makilogalamu 11.5 a nayitirojeni, pamene la Urea lili ndi 23. Onse pamodzi ndi makilogalamu 34.5. Mlingo wovomerezeka wa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 pa hekitala. Choncho matumba awiriwa ndi a ekala imodzi, pomwe amapereka pafupifupi makilogalamu 85 pa hekitala. Akamwazidwa pa hekitala yonse, mbewu imalandira chakudya chosafika theka la chimene ikufuna.

Kumwera kwa Mzimba vutoli limakula chifukwa nthaka yambiri ndi yamchenga ndipo ndi yoguga. Mvula ikachuluka, nayitirojeni amakokoloka kupita pansi pomwe mizu sifika. Kaufiti nayenso amakonda minda yotereyi. Komanso m'mabanja ambiri abambo ali ku Joni, ndiye munda ukakula kupalira kumachedwa, ndipo udzu ndi umene umadya feteleza. Kufupi ndi Mzimba boma ndi Jenda, komwe msika wa tomato, anyezi ndi mbatatesi ukukula, alimi ena amapatulako feteleza wa ku dimba. Wotero achepetsenso munda wa chimanga molingana ndi feteleza wotsalayo.

Pa ekala yosankhidwayo mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mapando amakhala pafupifupi 21,000, ndipo lililonse limalandira magalamu oposa awiri pang'ono a feteleza wa mtundu uliwonse. NPK athiridwe chimanga chikangomera, Urea pakatha masabata atatu kapena anayi, pa nthaka yonyowa, ndipo akwiriridwe. Manyowa a khola, amene alimi oweta ng'ombe ali nawo, amathandiza mchenga kusunga chinyezi ndi feteleza.

Munda wotsala usalimidwe chimanga chopanda feteleza. Pabzalidwe soya, mtedza kapena mtedza wosakaniza ndi nandolo. Mbewuzi zimadzipangira nayitirojeni, ndipo masangwi ake akakwiriridwa, chimanga cha chaka chotsatira chimapindula. Kasinthasintha ameneyu amachepetsanso kaufiti.

Alimi otsogola akulimbikitsidwa kuyeza minda ya anzawo mvula isanagwe ndi kukhazikitsa munda wachitsanzo wa zigawo ziwiri: china cholandira mlingo wa ekala, china cholandira mlingo womwazidwa pa hekitala. Zokolola ziyezedwe pa sikelo alimi onse akuona, ndipo zotsatira zitumizidwe kwa mlangizi wa dera.