FUNSANI MUSANAKUMBE DZIWE LA NSOMBA

Lero tikambe za kumene mungapeze nzeru za ulimi wa nsomba. Makolo anati safunsa anadya phula. Munthu angakumbe dziwe mwezi wathunthu, koma ngati dothi ndi lamchenga madzi amathawa ndipo thukuta lake lapita pachabe.

Poyamba pitani kwa mlangizi wa za nsomba wa m'boma lanu. Ngati simumdziwa, mlangizi wa zaulimi adzakulozerani. Muitaneni adzaone malo khasu lisanagwe pansi. Iye adzayesa dothi ngati ndi lamakande logwira madzi, adzaona ngati kasupe kapena mtsinje suphwa m'chilimwe, ndi kukuuzani kuya kwa dziwe, kumene kaŵirikaŵiri ndi ngati mita imodzi. Adzakuphunzitsaninso kuthira manyowa kuti madzi abiriŵire, ndi kudyetsa nsomba madeya.

Chachiŵiri ndi mbewu. Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a Boma oyesera ulimi umenewu, amene anayamba m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko amadziŵa kaŵetedwe ka makumba, chilunguni ndi mlamba. Ku Bunda, pafupi ndi Lilongwe, amaphunzitsanso ntchito yomweyi. Mlangizi adzakuuzani malo apafupi ogula tiana ta nsomba tabwino. Musangotola nsomba mumtsinje kapena kulandira za mtundu wachilendo. M'chaka cha 2020 matenda a zilonda anagwira nsomba ku Mchinji, ndipo matenda otere amayenda ndi nsomba, madzi ndi maukonde. Mukaona nsomba za zilonda kapena zikufa, uzani mlangizi msanga.

Tsopano inu mafumu. Mlangizi ndi mmodzi, midzi ndi yambiri. Sonkhanitsani anthu ofuna ulimiwu akhale gulu limodzi, kuti iye akabwera aphunzitse onse tsiku limodzi. Gulu lingathenso kugula ukonde umodzi ndi kumabwerekana. Weruzani nkhani ya malo ndi madzi ntchito isanayambe, kuti a kumunsi kwa mtsinje asadzadandaule kuti madimba awo auma.

Musaiŵale mnzanu amene anayamba kale. Kamuchezereni, muone dziwe lake, mumfunse chimene chinamvuta chaka choyamba. Ulendo wa tsiku limodzi ungapulumutse ntchito ya chaka chonse.

Tsalani bwino.