Kudikira Mulungu pa njala ya 2002 ku Mchinji

Ku Mchinji mwezi wa February ndi wowawa: chimanga chimakhala chili biriwiri kumunda, pomwe nkhokwe yatsala mphepo yokha.

Mu 2002 zinafika posauzana. Zokolola za 2001 zinachepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo ku Admarc anthu ankagona pamzere. Bungwe la Save the Children linachenjeza za njala ya ku Mchinji 2001 isanathe, koma Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za tsokalo kumapeto kwa February. Apa n'kuti mabanja akudya gaga ndi zitsa za nthochi.

Kudikira nthawi ya Mulungu kunali nkhani ya m'mimba. Mayi ankasankha kuthyola chimanga chosakhwima lero kapena kupirira mpaka April. Ambiri anathyola, ndipo palibe angawadzudzule.

Koma akhristu sanangopinda manja kudikira kumwamba. Ansembe a Katolika m'dziko muno anakakamiza boma kuti livomereze kuti anthu akufa. M'midzi, chifundo cha Chauta ankachionera mwa mnansi wobwera ndi kambale ka ufa, chonsecho naye ana ake agona ndi njala dzulo lake.