Wamalonda Mumzinda wa Dar es Salaam

Alipo ambiri pakati pathu amene amakwera basi kunka ku Dar es Salaam kukaoda nsalu, nsapato ndi ziwiya za m'nyumba, kapena kukatenga galimoto padoko. Ndalama imene anyamula sikhala ya munthu mmodzi ayi. Ina ndi ya fodya wa chaka chathunthu, ina ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo ikatayika, banja lonse ligona ndi njala. Chifukwa chake kuyenera kuti timve za mzindawo ndi makhalidwe ake.

Mzinda umenewu uli m'dziko la Tanzania, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya India. Anauyamba ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar cha m'ma 1865, ndipo dzina lake la Chiarabu litanthauza malo a mtendere. Ajeremani anauyesa likulu lawo mu 1891. Lero likulu la dzikolo lili ku Dodoma, koma doko ndi malonda aakulu zinatsala pompo, kotero kuti pa kalembera wa 2022 anawerengamo anthu oposa 5 miliyoni. Wochokera kwathu aoloka mtsinje wa Songwe, nayenda makilomita pafupifupi 900, kudzera ku Iringa, m'nkhalango ya nyama ya Mikumi, ndi ku Morogoro.

Atafika, alunjika ku Kariakoo, kumene masitolo athithikana ngati zisa za njuchi. Dzinali linachokera ku mawu akuti Carrier Corps, gulu la amtengatenga amene Angerezi anawasonkhanitsa pamalopo m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo yomweyo imene makolo athu ambiri anasenzamo katundu. Pamenepa mlendo asamale zinthu zitatu.

Choyamba ndicho nthawi. Wotchi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa amati "saa moja". Tsono mwini lole akanena kuti anyamuka "saa nne", akunena 10 koloko. Wodza 4 koloko madzulo apeza fumbi lokha. Kumbukiraninso kuti amalonda ambiri ndi Asilamu, ndipo Lachisanu masana ena amatseka zitseko kunka ku mzikiti.

Chachiwiri ndicho pakamwa. Musafunse mtengo musanapereke moni. Kwa wamkulu nenani "Shikamoo", ndipo iye adzayankha "Marahaba", pambuyo pake mufunse "Bei gani?", ndiko kuti mtengo wake ndi wotani. Mtengo woyamba suli wotsiriza, ndipo wonenerera mwaulemu amachotseredwa. Alipo anyamata otchedwa madalali, amene amatsogolera mlendo kusitolo naika phindu lawo pamwamba pa mtengo. Si onse ali onyenga, koma yambani mwayenda masitolo atatu kapena anayi musanamasule chikwama. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chachitatu ndicho mapepala. Werengani katundu ndi maso anu asanasoke belo, lembanipo dzina lanu, ndipo landirani lisiti kwa wogulitsa ndi kwa wonyamula yemwe. Pobwerera, a MRA pa Songwe adzafuna msonkho wa katunduyo. Munthu amene anatha ndalama zonse ku Kariakoo osasiyako ya msonkho amagona pachipata masiku ambiri, nadya phindu lake asanaligwire.

Tsono musananyamuke, khalani pansi ndi a m'banja mwanu, nimugawe ndalama panayi: ya katundu, ya ulendo ndi malo ogona, ya msonkho, ndi ina yosungira tsoka la panjira. Wotero adzabwera ndi katundu yense, nabweza ngongole pa tsiku lake, ndipo ana ake sadzabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.