Kodi Timu ndi ya Yani? Mkangano wa Atsogoleri, Atolankhani ndi Ochemerera Ukumveka Mpaka ku Kachulu

Munthu amene afika pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, tsiku Loweruka kapena Lamulungu dzuwa litapendeka, adzapeza chinthu chimodzi chimene sichisintha, kaya nyanja yadzaza kaya yaphwa. Asodzi osoka maukonde, anyamata a mabwato opita ku chilumba cha Chisi, ndiponso amalonda odzapikula matemba ndi milamba, onse amaunjikana pamene pali wailesi. Mpira umene akumverawo ukuseweredwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo ambiri a iwo sanapondepo pa bwalo la Kamuzu chibadwire. Komatu chigoli chikalowa, phokoso lawo limamveka mpaka pakati pa madzi.

Anthu amenewa amakonda Bullets kapena Wanderers ndi mtima wonse, monga achitiranso anzawo a ku Jali, a ku Govala, ndi a m'midzi yonse ya Mfumu Mwambo ndi Mfumu Kuntumanji. Koma nkhope ya wapampando wa timu yawo saidziwa, mabuku a ndalama sanawaonepo, ndipo ku msonkhano waukulu wa pachaka safikako, pakuti kuchokera ku Kachulu kufika mu mzinda wa Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo Blantyre ali patsogolo ndithu. Zonse zimene adziwa za timu yawo amazilandira kwa munthu mmodzi, ndiye mtolankhani. Chifukwa chake mkangano umene wakhala ukubuka pakati pa atsogoleri a matimu, atolankhani ndi ochemerera suli nkhani ya m'tauni yokha ayi. Pamene atatuwa alimbana, woyamba kutsala mu mdima ndi msodzi wa ku Kachulu.

TIMU YOBADWIRA MU MKANGANO

Kuti nkhaniyi imveke bwino, kuyenera kuyang'ana mbiri ya Bullets, imene anthu amaitcha timu ya fuko. M'chaka cha 1967 osewera ena anapatuka ku Wanderers, imene inali itayamba mu 1962, nakhazikitsa timu yawoyawo ku Blantyre. Kampani ya nsapato ya Bata inaithandiza zaka zambiri, kotero kuti akuluakulu ena akuitchulabe Bata Bullets mpaka lero. Pambuyo pake inatchedwa Total Big Bullets, ndipo mu 2003 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Bakili Muluzi, anayamba kuithandiza, nitchedwa Bakili Bullets. Mu 2004, motsogozedwa ndi mphunzitsi Kinnah Phiri, timuyi inachotsa Orlando Pirates ya ku South Africa, nilowa m'gulu la matimu 8 otsiriza a mpikisano wa akatswiri a mu Afirika.

Ulemerero umenewo unali ndi chilema chimodzi, ndicho chakuti unatsamira pa thumba la munthu mmodzi. Thandizo lija litatha, timu inatsala yopanda mwini weniweni. Inapambana ligi mu 2005, koma sinaigwirenso kufikira 2014. M'zaka zimenezo ulamuliro unali patatu: panali akuluakulu osunga katundu wa timu, komiti yoyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndiponso komiti ya ochemerera. Komiti yotsirizayi inakula mphamvu kwambiri, pakuti chuma chachikulu cha timu chinali kuchokera pachipata, ndipo olipira pachipatapo, ngakhalenso ena mwa oima pomwepo, anali ochemerera omwewo. Timu ikagonja kawiri kapena katatu, gulu linali kupita ku bwalo lokonzekera kukafunsa mphunzitsi, ndipo atsogoleri osankhidwa ndi mavoti anali kuchotsedwa ndi phokoso nthawi yawo isanakwane.

Mu 2015 Bullets inalowanso mpikisano wa mu Afirika ilibe chuma chokwanira. Inachotsa Fomboni ya ku Comoros, nigonja kwa Al Hilal ya ku Sudan, ndipo ulendowo unasiya ngongole zazikulu. Pakati pa 2015 ndi 2017 udindo wa wapampando unachoka kwa a Kondi Msungama, nupita kwa a Sam Chilunga, kenaka kwa a Noel Lipipa. Funso limene linali pakamwa pa anthu m'masiku onsewo linali limodzi: ndalama zalowa zingati, ndipo zapita kuti? Yankho likachedwa, atolankhani anali kulifuna kwa ena, ndiwo osewera odandaula za malipiro ndi ochemerera okwiya. Nkhani ikatuluka, atsogoleri anali kunena kuti nyuzipepala zikusokoneza timu, ndipo ochemerera a mbali iyi anali kunena kuti wolembayo wagulidwa ndi a mbali iyo.

Mu 2017 timu inaperekedwa m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu, imene inali itayamba kale kuithandiza. Kuyambira pamenepo zinthu zinakhazikika. Bullets inapambana ligi kasanu motsatizana pakati pa 2018 ndi 2023, ndipo mu 2023 inatenga zikho zinayi motsogozedwa ndi mphunzitsi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe. Wanderers nayo, thandizo la kampani ya ku Japan ya Be Forward litatha, inasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira.

Komabe mkangano sunathe. Unangovala malaya ena. Kale wochemerera anali ndi mphamvu yopyola muyeso koma wopanda udindo. Tsopano timu yake ili ndi mwini wodziwika, koma mau ake achepa. Kale atsogoleri anali kuopa gulu. Tsopano kampani ikhoza kunena kuti mabuku ake ndi a eni ake okha. Ndipo munthu wofunsa m'malo mwa msodzi uja akadali mtolankhani yemweyo.

PAMENE MKWIYO USEFUKIRA

Awerengi adzakumbukira zimene zinachitika pa bwalo la Balaka mu Disembala 2013, pamene masewera a Silver Strikers ndi Wanderers anasanduka nkhondo ya miyala, munthu mmodzi nataya moyo wake. Adzakumbukiranso kuti mu Seputembala 2023 masewera a matimu awiri omwewa, a chikho cha Airtel Top 8, sanathe pa bwalo la Bingu ku Lilongwe chifukwa cha chigoli chimene a Wanderers anachikana. Mipando ya bwalo inathyoledwa, ndipo chindapusa chinagwera timu. Motero ndalama zimene zikadalipira osewera zinapita kokonza zimene anaononga anthu onena kuti aikonda timuyo.

Atolankhani nawo alawako nkhonya. Mu 2023 mtolankhani wa wailesi anamenyedwa pa bwalo la Bingu pamene anali kujambula mkangano umene unabuka masewera atatha, ndipo mu 2024 wina wa wailesi ya kanema anavulazidwa pa bwalo la Kamuzu. Bungwe la MISA Malawi linadzudzula zonse ziwirizi. Munthu womenya mtolankhani amaganiza kuti akutchinjiriza dzina la timu yake, koma zoona zake nzakuti akudzilasa yekha m'diso. Mtolankhani amene wamenyedwa lero, mawa adzalemba zigoli zokha, osafunsanso za ndalama za pachipata kapena za pangano la wosewera amene wagulitsidwa kunja. Ndipo wopindula ndi chete ameneyo si wochemerera ayi, koma mtsogoleri amene ali ndi kanthu kobisa. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Za ndalama za pachipata ndi pamene pagona nkhani. Ndalama zimenezi zikasonkhanitsidwa, amayamba alipira apolisi ndi olondera, ndipo m'zaka zapitazo zotsala zinali kugawidwa kwa matimu awiri aja, mwini bwalo, bungwe la Sulom loyendetsa ligi, bungwe la FAM, ndi khonsolo ya zamasewera. Kwa zaka zambiri pakhala dandaulo lakuti bwalo limadzaza koma ndalama zolengezedwa zimakhala zochepa. Pamene manja ali ambiri chotere, chiwerengero chimene chalengezedwa poyera tsiku lomwelo ndicho chokha chingatseke pakamwa pa miseche.

ATOLANKHANI NAWO ALI NDI MLANDU

Sikungakhale chilungamo kunena kuti atsogoleri amadandaula chabe. Ntchito ya utolankhani ili ndi malipiro ochepa, ndipo mwambo wopereka kandalama kwa atolankhani pa msonkhano, kamene ena amakatcha chipondamthengo, waononga chikhulupiriro cha anthu. Munthu amene wakwera basi ya timu, nadya chakudya cha timu, nagona pa ndalama za timu, kumamuvuta kulemba kuti wapampando walakwa. Alipo enanso amene amalephera kubisa timu imene aikonda, ndi ena amene amaulutsa mphekesera yakuti mphunzitsi wachotsedwa asanafunse mbali yachiwiri. Mau otere akafika pa doko la Kachulu sabwereranso, pakuti womva mphekesera m'mawa amakhala ali pa nyanja pamene wailesi ikukonza cholakwacho madzulo.

Koma njira yodandaulira ilipo. Timu imene yalakwiridwa ikhoza kulembera mkonzi kuti mbali yake imveke, ndipo ngati sikukhutira ikhoza kupita ku Media Council of Malawi, bungwe limene limamva madandaulo otere. Kuletsa mtolankhani kulowa pa bwalo, kapena kumusonyeza chala pamaso pa gulu lokwiya, si yankho la nkhani yolakwika. Yankho lake ndi nkhani yoona, yokhala ndi ziwerengero.

Ndipo atsogoleri sangathe kunena kuti mabuku palibe. Malamulo a chiphaso cha matimu, amene FAM inayamba kuwatsata mu 2016, amafuna kuti timu ya mu ligi yaikulu ikhale ndi mabuku a chuma owunikidwa ndiponso mapangano olembedwa ndi osewera ake. Chimene chalembedwa kale kaamba ka FAM sichingavute kuchifotokoza mwachidule kwa ochemerera kamodzi pa chaka. Udindo umenewu ndi waukulu koposa kwa matimu amene amadya ndalama za anthu onse, monga Red Lions ya asilikali a ku Cobbe Barracks mu Zomba momwemuno, Blue Eagles ya apolisi, ndi Silver Strikers ya Reserve Bank.

Maiko ena analimbana ndi funso lomweli. Ku Germany, pamene matimu analoledwa kusanduka makampani mu 1998, panaikidwa lamulo lakuti mamembala a kalabu asunge mavoti oposa theka, kotero kuti wachuma akhoza kuthira ndalama koma sangalande timu yonse, kupatula matimu owerengeka. Ku Ulaya konko, mu Epulo 2021, eni matimu akuluakulu 12 anapangana kuyambitsa ligi yawoyawo osafunsa ochemerera, ndipo chikonzerocho chinagwa pasanathe masiku atatu, ochemerera ndi nyuzipepala atalankhula chinthu chimodzi. Phunziro lake ndi lakuti mwini akhoza kukhala ndi mapepala a timu, koma timu yopanda anthu oikonda ndi malaya chabe opachikidwa pa msomali.

PHUNZIRO KWA MATIMU A M'MPHEPETE MWA CHILWA

Nthenda ya matimu akuluakulu imapezekanso m'matimu a m'midzi, ngakhale ndalama zake ndi zochepa. Pafupifupi sukulu iliyonse ya m'dera la Chilwa ili ndi bwalo, ndipo pa bwalo lililonse pali timu imene imakhalira zopereka za asodzi, za amalonda ndi za alimi a mpunga a ku Likangala. Chaka cha chisankho chikayandikira, zikho za ofuna mipando zimachuluka, ndipo mphoto ikalandiridwa mpamene ubale umatha: osewera amati komiti yadya, komiti imati inabweza ngongole ya galimoto ndi ya mpira, ndipo wina akaitengera nkhaniyo ku wailesi ya m'dera, monga Chanco Community Radio ya ku Zomba, amatchedwa kazitape.

Anthu a ku Chilwa safunika kuphunzitsidwa za komiti. Nyanja itaphwa mu 1995, monga inachitiranso mu 1968, Dipatimenti ya Nsomba pamodzi ndi mafumu ndi asodzi anakhazikitsa makomiti a m'madoko kuti aziyang'anira usodzi. Msodzi aliyense adziwa kuti komiti imene ilandira chindapusa nilengeza pamaso pa anthu imamveredwa, ndipo imene ilandira mseri imanyozedwa ngakhale ikhale yosalakwa. Mpira suli wosiyana.

Apa mpamene aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma ali ndi gawo lalikulu, pakuti kawirikawiri iwo ndiwo amasankhidwa kukhala alembi ndi asungichuma a matimu amenewa. Mlembi wanzeru amagula kope la ndalama tsiku lomwe wasankhidwa, nalemba tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka, naliwerenga pamaso pa osewera ndi ochemerera mwezi uliwonse asanafunsidwe. Amaonetsetsa kuti kagawidwe ka mphoto kagwirizanidwa mpikisano usanayambe, osati ndalama zili kale pa tebulo. Amasankhitsa munthu mmodzi wolankhulira timu, ndipo mtolankhani akabwera amamupatsa mpando ndi kope lija. Ochemerera nawo amapatsidwa malo awo mu komiti, kuti dandaulo lawo lilowere pakhomo, lisadzere pa miyala.

Mphunzitsi ali ndi mwai winanso umene wapampando wa ku Blantyre alibe. Ana amene adzadzaza mabwalo zaka khumi zikudzazi ali m'kalasi mwake lero, ndipo amaona mmene iye amachitira pamene timu ya sukulu yagonja, mmene amalankhulira kwa woimbira mpira, ndi mmene amayankhira munthu womufunsa za ndalama za masewera.

Tsono funso lija lakuti timu ndi ya yani lili ndi mayankho awiri, ndipo onse ndi oona. Pa malamulo, timu ndi ya iwo amene maina awo alembedwa m'kaundula. Pa chikhalidwe, ndi ya munthu aliyense amene amagula mabatire a wailesi kuti amve mmene yachitira. Atsogoleri amene alemekeza mwini wachiwiriyu adzayankha mafunso a mtolankhani popanda mkwiyo. Mtolankhani amene amulemekeza adzafunsa mbali zonse asanaulutse. Ndipo wochemerera wa m'tauni amene akumbukira mbale wake wa ku Kachulu adzaleka mtolankhani agwire ntchito yake mu mtendere.