Irene, dzina limene alimi analikoka ndi zingwe m'phanga

Aphunzitsi akamaitana mayina m'mawa, tcherani khutu, ana inu. M'makalasi ambiri simulephera kumva Irene. Ena amalemba Ireen, ndipo ambiri amaliyesa dzina la Chingerezi poti linafika kuno ndi azungu ndi mipingo. Ayi ndithu, Angerezi nawonso anachita kubwereka. Eni ake ndi Agiriki, anthu a ku Greece, ndipo m'chinenero chawo chakale dzinali linali Eirene, kutanthauza mtendere. Ndiye ngati muli ndi mnzanu Mtendere ndi mnzanu wina Irene, dzina lawo ndi limodzi, kungoti mwina eni akewo sadziwa.

Agiriki akale anali ndi milungu yambirimbiri, ndipo chinthu chikakhala chofunika kwambiri ankachiganizira ngati munthu wamoyo, wokhala ndi makolo ndi abale. Mtendere anauona ngati mkazi. Wolemba ndakatulo wina wakalekale, Hesiod, ananena kuti Eirene anali mwana wa Zeus, mfumu ya milungu, ndi Themis, mayi woyang'anira mwambo ndi malamulo. Anali ndi abale ake awiri aakazi: Dike, amene ndi chilungamo, ndi Eunomia, amene ndi dongosolo labwino. Atatuwa sankasiyana. Ine ndimaona kuti pamenepa Agiriki anaganiza mozama, chifukwa mudzi umene milandu imaweruzidwa mokondera sukhalitsa uli phee.

Nanga n'chifukwa chiyani ankaukonda chotere mtendere? Chifukwa unkawasowa. Greece sinali dziko limodzi ngati lero. Mzinda uliwonse unali ndi boma lake ndi asilikali ake, ndipo mizindayo inkangokhalira kumenyana. Nkhondo yaikulu ya pakati pa Athens ndi Sparta inayamba m'chaka cha 431 Khristu asanabadwe, ndipo inatha mu 404. Asilikali a Sparta ankabwera kudzawononga minda ya kufupi ndi Athens, alimi n'kuthawira mkati mwa linga la mzinda, kusiya mphesa ndi maolivi awo.

Patatha zaka khumi nkhondoyo ili m'kati, mu 421, katswiri wa zisudzo dzina lake Aristophanes anaonetsa sewero loseketsa limene mutu wake unali dzina lomweli, Eirene. Tamverani mmene linkayendera.

Mlimi wina wa mphesa, Trygaeus, watopa nayo nkhondo. Akuti apite yekha kumwamba akafunse Zeus kuti zimenezi zidzatha liti. Koma apita bwanji? Wapeza kachilombo kaja kamagubuduza ndowe m'njira, koma aka n'kakakulu ngati bulu. Sewero limayamba antchito ake awiri ali kalikiliki kuumba ndowe kuti chilombocho chidye, uku atagwira mphuno, akudandaula. Chitakhuta, mlimi uja akwera pamsana, ulendo wa kumwamba. Ali m'malere akukuwira anthu a pansi kuti asayerekeze kupita kuchimbudzi, kuopa kuti chilombo chingamve fungo n'kutembenuka naye. Pabwalo la zisudzo wosewerayo ankamukweza m'mwamba ndi makina a mtengo ndi zingwe, ndipo pena ankachonderera woyendetsa makinawo kuti asamugwetse. Anthu ankafa nacho chiseko.

Atafika kumwamba apeza milungu yasamuka, yatopa ndi mikangano ya Agiriki. Pakhomo patsala mulungu mmodzi yekha, Hermes, ndipo m'nyumba mwalowa chimphona chotchedwa Nkhondo. Chimphonachi chaponya Eirene m'phanga lakuya n'kutseka pakhomo ndi miyala. Tsopano chatenga mtondo waukulu, chikufuna kusinja mizinda yonse ya Agiriki. Koma munsi palibe! Chituma mnyamata wake ku Athens kukabwereka munsi, abwerako chimanjamanja. Chimutumanso ku Sparta, chimodzimodzi. Oonerera ankadziwa bwino zimene Aristophanes ankatanthauza. Minsi iwiriyo anali atsogoleri awiri okonda nkhondo, Cleon wa ku Athens ndi Brasidas wa ku Sparta, ndipo onse awiri anali atafa pa nkhondo ya ku Amphipolis chaka chapitacho.

Chimphona chitalowa m'nyumba kukasema munsi wina, Trygaeus aitana Agiriki onse kuti abwere ndi zingwe. Ayamba kukoka, koma sizikuyenda, poti ena akukokera kwina, ena akungonamizira. Pomaliza alimi atsala okha pachingwe, akoka ndi mtima umodzi, ndipo Eirene atuluka. Alimi ndi amene ankadziwa kuwawa kwa nkhondo, chifukwa munda sudikira kuti asilikali amalize kumenyana.

Kumapeto kwa sewero, wosula zikwakwa abwera akusekerera poti malonda ake ayambanso kuyenda. Osula zida zankhondo ndiye ali m'madzi. Trygaeus awauza kuti mikondo yawo angaidule pakati ikhale mitengo yoyangira mphesa, nthenga za pa zisoti zikhale zopukutira tebulo, ndipo chovala chachitsulo cha pachifuwa achiyesa mpando wa kuchimbudzi. Patangopita masiku owerengeka sewero litaonetsedwa, Athens ndi Sparta anapanganadi za mtendere. Tsoka lake, panganolo silinakhalitse, nkhondo inabukanso.

Cha m'ma 370 Khristu asanabadwe, anthu a ku Athens anaimika chiboliboli cha Eirene pamsika waukulu wa mzinda wawo. Anachipanga ndi mkuwa mmisiri wotchedwa Kephisodotos. Eirene waima, wanyamula mwana wakhanda kudzanja lamanzere, akumuyang'ana mwachikondi, mwanayo akutambasulira kadzanja kake kunkhope ya mayiyo. Dzina la mwanayo ndi Ploutos, kutanthauza chuma. Munthu wobwera kudzagula nsomba kapena mafuta pamsikapo sankafunika womufotokozera: chuma ndi khanda, womulera wake ndi mtendere. Chiboliboli chamkuwacho chinatayika kalekale, koma Aroma anali atasema china chofanana nacho pa mwala, ndipo chimenechi chilipo mpaka lero mumzinda wa Munich ku Germany, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Glyptothek.

Kupembedza Zeus kunatha, koma dzinali silinathe nako. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo pamene Baibulo lathu likuti mtendere, m'Chigirikimo mawu ake ndi omwewa, eirene. Choncho Akhristu oyambirira sanaone chovuta kutcha ana awo aakazi dzinali. Mu 304 Khristu atabadwa, mumzinda wa Thessalonica, mtsikana wina Irene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake, monganso abale ake Agape ndi Chionia, ndipo mipingo ina imawakumbukira ngati oyera mtima. Kuchokera pamenepo dzina linayenda ndi Chikhristu, mtundu uliwonse n'kulipinda monga mwa lilime lake. Ku Russia amati Irina, ku Poland Irena, ku France Irène, ndipo Agiriki a lero amatchula kuti Irini. Chilumba chotchuka cha Santorini, chija cha nyumba zoyera mbee pamwamba pa nyanja, dzina lake linachokera ku Santa Irini, ndiye kuti Irene Woyera. Ku France kuja kunali Irène Joliot-Curie, mwana wa Marie Curie, amene analandira mphoto ya Nobel ya sayansi ya kemisitiri mu 1935 pamodzi ndi mwamuna wake Frédéric.

Koma si Irene aliyense amene anali wofatsa. Kunali mfumukazi Irene, wobadwira ku Athens, amene anakwatiwa ndi mfumu Leo IV ya ku Constantinople. Mwamuna wake atamwalira mu 780, iye anayendetsa ufumu m'malo mwa mwana wawo Constantine VI, amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha. Mwanayo atakula anafuna kulamulira yekha, mayi ake osafuna kusiya mpando. Mu 797 anthu a mfumukaziyo anagwira Constantine n'kumuboola maso, ndipo Irene analamulira yekha mpaka 802. Pa ndalama zake zagolide anaikapo nkhope yake mbali zonse ziwiri. Kenaka nduna zake zinamulanda ufumu n'kumupirikitsira ku chilumba cha Lesbos, kumene anamwalira mu 803.

Mumzinda wa Constantinople uja, umene lero ndi Istanbul ku Turkey, muli tchalitchi chakale chotchedwa Hagia Irene. Wina angayese kuti anachitcha dzina la mfumukazi ija, koma ayi, chinalipo iye asanabadwe, ndipo dzinalo likutanthauza Mtendere Woyera. Chinapsa pa zipolowe za mu 532, mfumu Justinian n'kuchimanganso. Anthu a ufumu wa Ottoman atalanda mzindawo mu 1453 sanachigwetse. Anachisandutsa nkhokwe ya zida zankhondo, ndipo kwa zaka mazana angapo m'nyumba ya Mtendere Woyera munkasungidwa malupanga, mikondo ndi mfuti. Masiku ano alendo amalowamo kukaona mamangidwe ake, ndipo nthawi zina mumachitikira makonsati a nyimbo chifukwa mawu amamveka bwino kwambiri m'kati mwake.