Za Mbala ya m'Kanema, ndi za Mphepo ya Mwera

M'midzi ya ku Chintheche, amuna a nyanja yino anazolowera kale njira ya ku Johannesburg, ndipo ambiri anakagona m'makomboni monga Alexandra. M'komboni lomwelo Donald Swanson anajambula kanema wotchedwa The Magic Garden, amene anatuluka m'chaka cha 1951. Osewera ache anali anthu akuda, mmodzi wa iwo woyimba uja Dolly Rathebe.

Nthano yache njotere. Nkhalamba ina inapereka mapaundi 40 ku tchalitchi, koma kambala kena kanakwatula ndalamazo ndi kuthawa. Anthu atakalondola, kanazibisa m'dimba pansi pa dzungu. Mkazi wosauka, mwini dimba, anazipeza nayesa kuti zagwa kumwamba. Tsono ndalamazo zinayenda m'manja ambiri, kambala kali pambuyo wefuwefu, kuba ndi kutayanso, kufikira zinabwerera ku tchalitchi komwe zinachokera.

Ife sititsutsa kuseka, pakuti wakuba wogwa m'mbuna yache yomwe aseketsa ndithu. Koma tamva anyamata potuluka m'nyumba za kanema alikunena kuti, “Mbala zotere zimangosowa mwayi.” Mau amenewa atidetsa mtima, pakuti ndi omwewo anena mwana wogwidwa ndi ukonde wa mnzache: “Linali tsoka langa, linalembedwa kale.”

Taganizani za mwera. Mphepo imeneyi iomba miyezi ya chisanu osafunsa munthu, ndipo palibe msodzi angathe kuiletsa. Koma kukankhira bwato m'madzi nyanja itakwiya, kapena kulisiya pa mchenga, ndiko kusankha kwa mwini nkhafi. Chomwechonso umphawi, umasiye ndi kusowa ntchito zifika pa ife zosaitanidwa. Koma dzanja lolowa m'thumba la mwini silitumidwa ndi mphepo. Dzungu lija linali mwayi wa mkazi wosauka. Kuba kunali kufuna kwa mbala, ndipo anakufuna kachiwiri ndi kachitatu.

Chifukwa chache inu atate ndi amayi, ana anu akabwera alikusimba za kanema wotere, musawakalipire. Sekani nawo pamodzi, ndipo pakudya nsima muwafunse chinthu chimodzi: ndi pa malo ati pamene munthu uja akadatha kubwerera? Mwana wodziwa kuloza malowo m'nthano adzawazindikiranso tsiku limene mnzache adzamnong'oneza usiku pa doko.