Miyeso ya masitepe a m'nyumba

Miyeso ya masitepe ndi manambala amene amasankhidwa pokonza pulani ya nyumba yosanjikizana, kuti munthu azikwera ndi kutsika popanda kupunthwa kapena kugunda mutu. Miyeso ikuluikulu ndi inayi: msinkhu wa sitepe iliyonse, kukula kwa popondapo, m'lifupi mwa masitepe, ndi mpata wa pamwamba pa mutu. Kuwerengera masitepe kumayambira pa nambala imodzi, yomwe ndi mtunda wochokera pansi pa nyumba kufika pansi pa nyumba yam'mwamba.

Lamulo la Blondel

Katswiri wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, amene anamwalira mu 1686, anaona kuti msinkhu wa sitepe ndi popondapo ziyenera kugwirizana ndi mmene munthu amaponyera mwendo poyenda. Lamulo lake limati msinkhu ukawerengedwa kawiri n'kuphatikizapo popondapo, yankho likhale lofanana ndi kuponya mwendo kumodzi. Masiku ano akatswiri ambiri amafuna kuti yankholi likhale pakati pa mamilimita 600 ndi 650. Choncho sitepe ikatalika, popondapo pamachepa. Ikafupika, popondapo pamakula.

Malamulo a mayiko amasiyana pang'ono. Ku England, sitepe ya m'nyumba yokhalamo siyenera kupitirira mamilimita 220, popondapo pasachepere 220, ndipo kutsetsereka kusapitirire madigiri 42. Ku South Africa, malamulo a SANS 10400 amalola msinkhu wofika 200 ndi popondapo posachepera 250.

Kawerengedwe

Mwachitsanzo, mtunda wochokera pansi kufika m'mwamba ungakhale mamilimita 2,800. Mmisiri akasankha msinkhu wa 175, amagawa 2,800 ndi 175, n'kupeza masitepe 16. Malo opondapo amakhala 15 okha, chifukwa sitepe yomaliza imathera pa simenti ya nyumba yam'mwamba. Popondapo pakakhala 280, lamulo la Blondel limapereka 630, ndipo masitepe onse amadya malo otalika mamilimita 4,200.

Kawirikawiri manambala sagawika bwino chonchi. Mtunda ukakhala 2,900, kugawa ndi 175 kumapereka 16 ndi zotsalira. Apa mmisiri amasankha masitepe 17, n'kugawanso 2,900 ndi 17, ndipo sitepe iliyonse imakhala pafupifupi 170.6. Zotsalirazo siziunjikidwa pa sitepe imodzi. Munthu akaponda masitepe awiri kapena atatu, miyendo imazolowera msinkhuwo ndipo sayang'ananso pansi, moti sitepe yosiyana ndi zinzake ndi imene imagwetsa anthu, makamaka potsika. N'chifukwa chake malamulo omangira nyumba zokhalamo a International Residential Code, amene amagwiritsidwa ntchito m'madera ambiri a ku United States, salola kusiyana kopitirira mamilimita 9.5 pakati pa sitepe yaitali ndi yaifupi.

Cholakwika chofala chimachitika poyeza. Masitepe a konkire amathiridwa nyumba isanathe, pansi pasanaikidwe matailosi. Mmisiri akayeza kuchokera pa konkire yosamaliza, kenako pansi n'kuwonjezerapo simenti ndi matailosi zokwana mamilimita 50 pomwe pamasitepe aikapo 20 okha, sitepe yoyamba imafupika ndi 30. Zomwezi zikachitika m'mwamba, sitepe yomaliza imatalika ndi 30. Konkire ikauma, kukonza kwake n'kugumula kapena kudzaza sitepe iliyonse, ndipo zonsezi n'zodula. Muyeso woyenera ndi wa pansi pomalizidwa, ngakhale matailosiwo akadali kusitolo.

Mpata wa mutu

Silabu ya nyumba yam'mwamba imasiyidwa ndi bowo lodutsira masitepe, ndipo eni nyumba ambiri amafuna kulichepetsa kuti zipinda zikule. Ku England mpata wa mutu uyenera kukhala mamita 2, ku South Africa 2.1. Pa chitsanzo cha 2,800 chija, ngati silabu ndi matailosi ake n'zokhuthala 200, denga la pansi limakhala pa 2,600. Munthu akaima pa sitepe yachinayi, yomwe ili pa 700, amatsala ndi 1,900 basi. Kuti mamita 2 akwane, bowolo liyenera kutalika pafupifupi mamita 3.5. Kulikulitsa pambuyo pake kumafuna kudula zitsulo za m'silabu, ntchito yosayenera kuchitika popanda injiniya.

Ngati malo a mamita 4.2 palibe, masitepe amapindidwa pakati n'kuikapo malo opumirapo, amene sayenera kuchepera m'lifupi mwa masitepewo. M'lifupi mwa pafupifupi mamilimita 900 mumakwanira munthu mmodzi, koma pokhota ndi pamene bedi kapena kabati zimakanirira pozikweza.

Chogwirira chimaikidwa pa msinkhu wa mamilimita 900 mpaka 1,000. Mipata ya pakati pa zitsulo zotchinga m'mbali isafike 100, kuti mutu wa mwana wamng'ono usalowepo.